ASODZI PA GOMBE LACILENDO

Munthu akalowa mu City Market, msika waukulu wa m'mbali mwa mseu wa Lumumba mu Lusaka, mphuno imamtsogolera kumene kuli nsomba iye asanafunse njira. Kumeneko amapeza amai atakhala kuseri kwa miyulu ya kapenta, meda ili pambali, ndipo akangoima amamfunsa kuti, "Mufuna wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga, atate?" Wogula amasankha monga mwa kukoma kwa pakamwa pake ndi kulemera kwa thumba lake, nakwera basi kunka ku Kabwata kapena ku Chelstone. Ndi owerengeka amene amaima kulingalira kuti funso limeneli si lakale. Kapenta wa ku Mpulungu ngwa makedzana, pakuti Nyanja ya Tanganyika inalipo makolo asanabadwe. Koma m'caka ca 1957 kunalibe kapenta wa ku Siavonga, kunalibe gombe, kunalibe ngakhale nyanja imene. Kunali mapiri, mitengo ya tsanya ndi milambe, ndi mtsinje wa Zambezi woyenda pansi m'cigwa.

Dziko la Zambia silikhudza nyanja yamcere. Komabe wofuna kudziwa zimene zimamuonekera msodzi akaima koyamba pa gombe limene salidziwa sasowa kupita ku Beira kapena ku Durban. Zimenezi zinaonekera anthu zikwizikwi pa Kariba, ndipo ena mwa iwo akali moyo. Sanapite kukafuna nyanjayo; nyanja ndiyo inawapeza pakhomo.

CIGWA CISANAMIZIDWE

Eni ake a cigwa ca Gwembe ndi Atonga. Anakhala mbali zonse ziwiri za Zambezi kwa mibadwo yambiri, ndipo kwa iwo mtsinje sunali malire koma njira. Munthu anali kuoloka pa bwato kukakwatira tsidya lija, kukalira maliro, kapena kukapempha mbeu kwa abale. Cuma cao cacikulu cinali nthaka ya m'mphepete mwa mtsinje. Caka ndi caka Zambezi anali kusefukira kumapeto kwa dzinja, ndipo madzi akabwerera anali kusiya matope acinyontho mmene anthu anali kubzala cimanga, maungu ndi fodya m'nyengo yopanda mvula. Motero banja lokhala ndi dimba labwino linali kukolola kawiri pa caka.

Azungu ambiri a Boma anali kuganiza kuti Atonga sadziwa usodzi, popeza sanaone maukonde akuluakulu onga a kwa Alozi kapena a ku Luapula. Koma Thayer Scudder wa ku America, amene anafika m'cigwamo m'caka ca 1956 pamodzi ndi Elizabeth Colson kudzalemba makhalidwe a anthuwo asanasamutsidwe, anapeza kuti anali nazo njira zambiri zophera nsomba. Amuna anali kuchinga timitsinje ndi mabiyo naikamo miono, anali kulasa ndi mikondo ndi kuwedza ndi mbedza. Akazi anali kulowa m'maiwe otsalira ndi madengu ao. Nthawi zina anali kuthira m'madzi mankhwala a mitengo oledzeretsa nsomba. Kungoti usodzi umenewu unali wofunira ndiwo, osati malonda, ndipo unali kucitika m'madzi osaya amene munthu anawadziwa kuyambira ubwana wake.

Apa ndipo pagona nkhani. Nzeru za msodzi sizikhala m'manja mokha, zimakhalanso m'malo. Mwana wa m'cigwa anali kudziwa dziwe lililonse ndi dzina lake, thanthwe limene ng'ona zimaotherapo dzuwa, ndi mwezi umene nsomba zimakwera m'khwawa lakuti. Malo akacotsedwa, theka la nzeruzo limapita nao.

KHOMA LA PA KARIBA

M'caka ca 1953 maiko a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anamangidwa pamodzi m'citaganya ca Federation. Migodi ya mkuwa ndi mafakitale zinali kufuna magetsi ambiri, ndipo m'caka ca 1955 Boma la citaganyaco linasankha kuchinga Zambezi pa mpata wa Kariba, kusiya maganizo oyamba ochinga mtsinje wa Kafue. Nchito yomanga khoma inapatsidwa kwa kampani ya ku Italy yochedwa Impresit. Mtsinje sunagonje msanga. M'caka ca 1957 ndiponso ca 1958 kunadza madzi osefukira oposa amene akatswiri anayembekeza, naononga milatho ndi zomanga zina, kotero kuti akuluakulu a m'cigwa anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Anchito 86 anafa pomanga khomalo. Koma mu December 1958 mtsinje unatsekedwa ndi khoma lotalika mamita 128, ndipo pa 17 May 1960 amai ake a Mfumukazi ya ku Mangalande anatsegula malowo. Caka comweco magetsi a ku Kariba anali kuyendetsa kale makina a ku migodi.

Mtengo wake unalipiridwa ndi anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri, amene ananyamulidwa pa malole kusiya madimba, nkhokwe, manda a makolo ndi malo opempherera mvula. Ambiri sanakhulupirire kuti munthu angaimitse Zambezi, ndipo ena anakana kucoka. Mu September 1958, pa mudzi wa Chisamu m'dziko la Mfumu Chipepo, amuna onyamula mikondo ndi zibonga anayang'anizana ndi apolisi a mfuti. Bwanamkubwa Sir Arthur Benson anafika yekha kudzalankhula nao, koma sanamvane. Mfuti zinalira, anthu 8 anafa, ndipo oposa 30 anavulala. Pambuyo pake anthu a Chipepo okwana ngati 6,000 anatumizidwa ku Lusitu, kumunsi kwa khoma, ku nthaka youma imene sanaidziwe. Pamene madzi anali kukwera, anyamata a zanyama anapulumutsa nyama zokwana ngati 6,000 zotsekeredwa pa zilumba, m'nchito yochedwa Operation Noah. Manyuzipepala a kunja analemba zambiri za nyamazo kuposa za anthu.

GOMBE LOSAKHAZIKIKA

Madzi anakwera zaka zisanu, nadzaza m'caka ca 1963. Pamenepo panaoneka nyanja yotalika makilomita oposa 220, ndipo pena m'lifupi mwake makilomita 40. M'zaka zimenezo gombe linali kuyenda ngati mlendo wosagona kawiri pa malo amodzi. Pamene munthu anamangirira bwato mwezi uno, mwezi wamawa panali pansi pa madzi. Msasa womangidwa pa mtunda unali kusanduka cilumba.

Boma linali litaganiziratu za usodzi. Poopa kuti mitengo yomizidwa idzang'amba maukonde, linalamula kuti malo ena alambulidwe madzi asanafike. Mathirakitala awiriawiri anali kukoka unyolo waukulu womangidwa ku mipira yacitsulo yotalika kuposa munthu, nagwetsa mitengo yonse ya pakati pao, ndipo pambuyo pake mitengoyo inali kuochedwa. Malo olambulidwa motero anakwana makilomita 950 m'bwalo lake, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonse. Kwina konse nkhalango inamira ili ciimire, ndipo nthambi zake zouma zinatsala zitatuluka pamwamba pa madzi.

Kunabukanso cinthu cimene palibe anaciitana, ndico udzu woyandama wocokera ku South America, wochedwa Salvinia, umene anthu anauchula udzu wa Kariba. Pofika caka ca 1962 unali utaphimba gawo loposa limodzi mwa magawo asanu a nyanja. Mphepo ikaukankhira ku gombe usiku, msodzi anali kudzuka m'mawa napeza doko lake latsekeka, ukonde wake wakokedwa kunka kosadziwika.

Koma coopsa koposa cinali mphepo. Pa mtsinje munthu amaopa mkokomo wa madzi ndi mvuu, ndipo tsidya lina amaliona ndi maso. Pa nyanja madzi amaoneka ogona, koma mphepo yocokera kum'mwera cakum'mawa, yonga mwera wa pa Nyanja ya Malawi, imautsa mafunde m'kanthawi kocepa. Bwato losema la pa mtsinje, lopapatiza ndi losaya, silinapangidwire mafunde otere.

KUPHUNZIRA MADZI ATSOPANO

Ku mbali ya Northern Rhodesia, bungwe la mafumu a Gwembe linapempha kuti pa zaka zoyamba usodzi wa pa nyanja ukhale wa anthu a m'cigwa okha, popeza ndiwo anataya minda, ndipo Boma linavomera. Tsidya la Southern Rhodesia kunali kosiyana. Kumeneko zigawo zazikulu za gombe zinapatsidwa kwa makampani a Azungu, ndipo asodzi acikuda anaikidwa m'misasa yowerengeka.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 kunatsegulidwa sukulu ya usodzi ku Sinazongwe. Anyamata anaphunzira kumanga ukonde wa nailoni pa zingwe zake, kuika zoyandamitsa pamwamba ndi zolemetsa pansi, kusoka pong'ambika, kukhoma mabwato a matabwa, ndi kukonza injini. Panalinso ngongole zogulira zipangizo. Ukonde wocherawo unali wosiyana ndi zonse zimene anazidziwa. Munthu samaukoka ngati khoka. Amauimika m'madzi ngati mpanda madzulo, ndipo nsomba yofuna kupyola pa diso la ukonde imakodwa m'makha mwake. Kukula kwa diso ndiko kumasankha kukula kwa nsomba.

Zotsalazo sukulu sinathe kuphunzitsa, pakuti aphunzitsi nao anali alendo pa madziwo. Asodzi anazitola okha pang'onopang'ono, wina kufunsa mnzake, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Anaphunzira kuvuula ukonde mbandakuca, pakuti kutentha kwa m'cigwa kumaoletsa nsomba dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ng'ona nazo zimadziwa kuti ukonde ndi nkhokwe. Anaphunzira kuyang'ana kumwamba asanakankhe bwato. Anazindikira kuti mvula zoyamba zikagwa, nsomba zimasonkhana pa mathiriro a mitsinje kufuna kukwera kukaswa monga zinali kucitira kale. Apa munthu amene anaweta mbuzi pa malowo asanamizidwe anali ndi mwai woposa mlendo, popeza anali kukumbukira pamene panali khwawa, pamene panali munda, ndi pamene panali citunda. Maso ake anali kuona madzi, mtima wake nuona dziko la pansi pake.

Cinadabwitsa akatswiri ndi ici: malo olambulidwa ndi ndalama zambiri aja sanapose nkhalango zomira pa kuculuka kwa nsomba. Pa makungwa a mitengo yomira panamera ndere ndi tizilombo timene nsomba zimadya, ndipo pakati pa nthambi tiana ta nsomba tinapeza pobisala. Asodzi anayamba kuchera maukonde ao pakati pa mitengo yomweyo imene Boma linaiopa, namangirira zingwe ku nthambi zake.

Nsomba nazonso zinali alendo. Nkupi, chessa, vundu, mlamba, mceni wa mano akuthwa ndi za mtundu wa cambo, zonsezi zinali nsomba za mumtsinje, zozolowera madzi osaya. Nyanja itadzaza sizinapite pakati pozama. Zinakhala m'mphepete, pafupi ndi udzu ndi mitengo, monga anthu anacitira. Cifukwa cake usodzi woyamba wa pa Kariba unali wa m'mbali mwa gombe.

ZAKA ZA MWANA ALIRENJI

Zaka zoyamba zinali za zokolola zosaneneka. Madzi anamiza nthaka yaconde, masamba, ndowe za ziweto ndi phulusa la mitengo yoochedwa, ndipo zonsezi zinasanduka cakudya ca m'madzi. Nsomba zinaswana, ndipo adani ao anali asanaculuke. Pofika caka ca 1963, ku mbali ya kumpoto kokha kunali asodzi oposa 2,000, ndipo nsomba zophedwa caka cimeneco zinakwana matani pafupifupi 4,000. Amalonda anatsika zitunda za Gwembe pa malole ndi pa njinga kudzagula nsomba zowamba ndi zoyanika, nazitengera ku misika ya pa njanji, ku Lusaka ndi ku migodi. M'misasa ya asodzi akazi anagulitsa mowa, ufa ndi ndiwo zamasamba, ndipo ndalama inalowa m'manja amene kale sanali kuigwira.

Akulu amati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Asodzi ambiri a Gwembe anacita comweco. Anagula ng'ombe ndi mapulawo, analipirira ana sukulu, ena anatsegula timasitolo. Anacita bwino, pakuti nthawi ya zoculukayo inali yaifupi. Conde ca nthaka yomira citatha kusungunuka, madzi anayera ndi kusauka. Mceni unaculuka nudya tiana ta nsomba zina. Nsomba za mtundu wa cambo zimene Boma linabweretsa kucokera ku maiwe a ku Chilanga sizinaswane monga anayembekezera. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, zophedwa sizinali kufika ngakhale theka la za 1963, ndipo Atonga ambiri anapacika maukonde nabwerera ku khasu ndi ku ng'ombe zimene nsomba zinawagulira.

Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, nyanja inatsegulidwa kwa nzika zonse. Kunafika asodzi a ku Luapula, a ku Bulozi, a pa Kafue, ndi ena ocokera ku Malawi, anthu obadwira m'mabwato, amene anakhalabe pamene eni dziko anali kucoka. Nao anayenera kuphunzira gombe lacilendo, koma anadza ndi luso la madzi akulu. Mtendere wao sunakhalitse. Mu January 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe itakula, nyanja inasanduka malo oopsa. Mabwato anaonongedwa, m'miseu ya m'cigwa munakwiriridwa mabomba, ndipo usodzi wa ku mbali ya Zambia unaima kufikira caka ca 1980.

MLENDO WA KU MPULUNGU

Nthawi yonseyi pakati pa nyanja panali ngati munda wosalimidwa. M'madzimo munali tizilombo tating'onoting'ono toyandama, koma munalibe nsomba yotidya. Akatswiri a zansomba anakumbukira kapenta wa pa Tanganyika, amene moyo wake wonse ndi wa pamadzi oyera. M'zaka za 1967 ndi 1968 tiana ta kapenta toposa 300,000 tinagwidwa kufupi ndi Mpulungu, tinanyamulidwa pa ndege m'zotengera za madzi, ndi kutsanulidwa m'nyanja kufupi ndi Sinazongwe. Kwa kanthawi palibe anadziwa ngati tapulumuka. Umboni unapezeka m'caka ca 1969, pamene kapenta anaoneka m'mimba mwa mceni wotumbulidwa. M'zaka zocepa anafalikira nyanja yonse, ndipo ena anapyola pa khoma natsika ndi mtsinje kufikira ku Cahora Bassa m'cigawo ca Tete, kumene anayambitsa usodzi winanso.

Pa Kariba kapenta sakula ngati kwao; amakhwima akali wamfupi ngati cala, ndipo ndico cifukwa wa ku Siavonga amaoneka wamng'ono pa msika poyerekeza ndi wa ku Mpulungu. Malonda ake anayamba tsidya la Rhodesia m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku Zambia kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Kuphedwa kwake nkwa usiku. Combo cacitsulo cokhala pa migolo iwiri yaitali cimaima pozama, cimatsitsa ukonde wozungulira wonga dengu lalikulu, ndi kuyatsa nyali zamphamvu pamwamba ndi m'madzi. Kapenta amasonkhana pa kuwalako, ndipo anchito amazima nyali za pamwamba nakweza ukonde. M'mawa amamthira mcere ndi kumuyanika pa thandala. Makilogalamu atatu a wamuwisi amatulutsa ngati kilogalamu imodzi ya wouma. Mwezi ukakhala wathunthu nyali sizikopa kanthu, ndipo zombo zimapuma.

Ca m'ma 1990 maiko awiriwa pamodzi anali kupha matani pafupifupi 30,000 a kapenta pa caka, kuposa kutalitali nsomba zonse za m'maukonde a m'mphepete. Koma combo cotere cimafuna ndalama zambiri ndi cilolezo ca Boma, kotero kuti eni ake oyamba ambiri anali Azungu ndi anthu acuma ocokera kutali. Ana a anthu amene minda yao ili pansi pa madziwo analowa monga anchito olipidwa. Pambuyo pake zombo zinaculuka kopitirira muyeso. Akatswiri analangiza kuti nyanja yonse ingathe kusenza zombo 500, koma m'zaka za m'ma 2010 zinaposa kawiri ciwerengero cimeneco, ndipo zophedwa ndi combo cimodzi pa usiku zinatsika kwambiri.

GOMBE LIYENDABE

Msodzi wa m'mphepete anaphunzira cinthu cinanso cimene makolo ake anacidziwa pa mtsinje: nsomba imatsata madzi okwera. Nyanja ikatsika, pa gombe pamamera udzu umene ng'ombe zimadya ndi kuthirapo ndowe. Madzi akabwerera kudzamiza udzuwo, nsomba zimapeza cakudya ndi poswanira, ndipo maukonde amalemera. Koma cilala cikatalika gombe limathawa. M'zaka za 2016, 2019 ndi 2024 madzi anatsika kwambiri, kotero kuti m'madera athyathyathya asodzi anali kuyenda mtunda wautali pa matope ouma kuti afike pa bwato, ndipo zitsa za mitengo imene inamira m'masiku a agogo ao zinaonekanso. M'caka ca 2024 anthu a mu Lusaka ndi a ku migodi anakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi cifukwa ca madzi omwewo. Nyali ya m'nyumba ya ku Kitwe ndi ndiwo za m'mbale ya ku Kabwata zimacokera pa citsime cimodzi.

Pa matebulo a City Market pafikanso nsomba zina. Pali za mtundu wa cambo zoleredwa m'zitete zoyandama kufupi ndi Siavonga, ndi za ku nyanja yamcere zofika zozizira m'makatoni kucokera ku Namibia. Msikawo unapsa ndi moto pa 4 July 2017, amalonda ambiri nataya katundu wao yense, koma malonda a kapenta mu mzinda sanafe, pakuti ndiwo imene siola, yokwanira banja lonse ndi dzanja limodzi, siisowa wogula.

Amai wogulitsa amadzaza meda, nasalaza pamwamba ndi cikhatho, naonjezapo kambasela. Tinsomba timeneto makolo ake anadza pa ndege kucokera ku Mpulungu. Tinaphedwa usiku pamwamba pa madimba a anthu a Chipepo ndi a Sinazongwe, ndipo kapena amene anakweza ukondewo ndi mdzukulu wa munthu amene anaimapo tsiku lina ndi mono m'manja, kuyang'ana madzi opanda tsidya, osadziwa poyambira.